Mkamwini pa Okushoni ya Khonsolo

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndiyambe ndi ana, kuti tsiku lina ndikadzayamba kuiwala, wina adzandiwerengere.

Woyamba ndi Feston, mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulaimale cha ku Nambuma. Akalowa muofesi, aphunzitsi anzake amaimirira.

Wachiwiri ndi Esnati, namwino ku Namitete. Jakisoni wake sapweteka, odwala amachita kumusankha. Anakwatiwa ndi a Zimba, ogulitsa mbewu ndi feteleza.

Wachitatu ndi Lyson, mzime, dalaivala wa khonsolo. Chiyambireni kuyendetsa sanagundepo ngakhale nkhuku.

Onsewa ndinawaphunzitsa ndi fodya. Ineyo sukulu ndinalekezera Sitandade 2, ndiye wonena ndine, olemba ndi akazi anga aNaphiri. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, osathira zawo.

Nkhani ndi iyi. Khonsolo ikugulitsa katundu wotha ntchito: mipando, njinga zamoto, mafiriji akufa, ndi pikapu yoyera ija Lyson wakhala akuyendetsa chilowereni ntchito mpaka anaiimika miyezi yapitayi. Iye akuti ampatsa yatsopano mwezi uno. Yakaleyo ili pa okushoni Lachinayi.

Ndikuifuna!

Chifukwa chake nachi. Kuno kwa Kabudula ndinabwera mkamwini tsitsi lili lakuda, ndipo ndidakali mkamwini tsitsi litayera. Munda ndi wa kwawo kwa aNaphiri. Dimba ndi la kwawo. Mango ndinadzala ndekha, koma nthaka ndi yawo. Ana omwe, pakagwa nkhani, amati eni ake ndi amalume awo, ine mpando wanga ndi wakumbuyo. Koma pikapu ija ikamadutsa pa ntchito zake, Lyson n'kuima pang'ono kuti atilonjere, ndimatuluka n'kuika dzanja pa boneti, mudzi wonse n'kuona kuti dalaivalayo ali ndi bambo ake. Ndikufuna iime pansi pa mango, m'dzina langa, msonkhano wa banja lonse wa mwezi uno usanafike.

Ndamuimbira Lyson. Sanadikire n'komwe kuti ndimalize.

"Ababa, musayerekeze. Lamulo limakana. Wantchito wa khonsolo sagula, abale ake sagula. Mukangoyesa, mwandichotsetsa ntchito."

Ndati ndamva.

Masana onse ndakhala m'chigafa ndikuganiza. Kodi abale a Lyson ndani? Amayi ake, amalume ake, Feston ndi Esnati. Ine ayi. Zimenezi andiphunzitsa okha pamudzi pano, pa maliro aliwonse ndi pa chinkhoswe chilichonse. Boma silingamudziwe mwana kuposa mudzi wake.

ANaphiri akuti: "Bambo a Feston, mwana wakuuzani zomveka." Ndati lembani zanga zokha. Ndikuona cholembera chikuyendabe.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Okushoni ndimaidziwa. Ndagulitsa fodya moyo wanga wonse. Mabelo pamzere, ogula mbali iyi, woimba mtengo mbali iyo, munthu n'kumamva fodya wako akukwera kapena akugwa. Palibe chachilendo. Chosiyana n'chakuti iyi akuti ichitikira pa intaneti, ndipo kafoni kanga n'ka mabatani.

Zofunika:
foni yaikulu yopalasa ndi chala,
munthu wodziwa kupalasako,
chiphaso changa cha unzika,
pakamwa potseka.

M'mamawa ndaimbira Esnati. Ndamufotokozera bwinobwino. Ndati ngati angathandize, alembetse dzina la a Zimba, chifukwa amenewo ndi mkamwini mnzanga, naonso lamulo silikuwaona. Izi za lamulozi ndanena mumtima. Pakamwa ndangoti amuna ndiwo amadziwa za magalimoto.

"Tiona, ababa. Ndili ndi odwala."

Tiona! Mwana ameneyu ndimamudziwa. Chibadwireni akati tiona ndiye kuti wakana. Sindinakhumudwe. Ndakhumudwa pang'ono.

Ndakwera kabaza yamoto kupita ku Nambuma kwa Feston. Mphepo ya Ogasiti, fumbi m'makutu. Za Esnati sindinamuuze. Sindichititsa mwana manyazi kwa mlongo wake.

"Kodi Lyson akudziwa?"

"Akudziwa."

Sindinaname. Akudziwa. Zomwe ananena atadziwa sanandifunse.

Feston wajambula chiphaso, walemba dzina langa. Akuti pafunika chikole, ndalama yosonyeza kuti munthu sukuseweretsa anthu. Ndatapa pa ya fodya. Kenako patuluka zolemba zachingerezi zing'onozing'ono ngati nyerere. Feston wavala magalasi kuti awerenge, netiweki yayamba kuthawa. Ndati dinda, mwana wanga, dzuwa likupendeka. Wadinda.

Ndine Wogula Nambala 4!

Pobwerera ndakumana ndi a Kamphinda pagolosale. A Kamphinda ndi mkulu wa mpingo mnzanga, mbadwa ya mudzi uno, mwini ngolo ndi ng'ombe ziwiri zomwe amazitchula ngakhale popempherera chakudya. Ndangowauza pang'ono chabe. Iwo mafunso mbwee: yoyera ija? Lachinayi? Nthawi yanji? Maso awo sindinawakonde.

Pa zofunika zija, chomalizacho chandivuta.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Tsiku loona katundu. Ndavala jekete la Mgonero, ndakwera minibasi pa Nsaru mpaka m'tauni.

Lyson palibe, watuluka ndi mabwana ake. Ndapuma mpweya wabwino.

Pikapu ili kuseri kwa maofesi, pakati pa mipando yopanda miyendo. Matayala aphwa. Batire anachotsamo. Mpando wa dalaivala wang'ambika ndendende pomwe Lyson amatsamira. Pansi pake pamera chisoso. Komabe ndi yomweyo. Ndaika dzanja pa boneti, kutentha kwake komweko.

Woyang'anira malonda ndi mayi wamng'ono thupi, waulemu, wa mawu omveka. Watisonkhanitsa n'kutiuza malamulo. Omwe ndagwira ndi awa:

Katundu wa boma sagulitsidwa kuseri, alengezedwe kuti aliyense amve.
Ugula monga wamuonera. Ukapeza injini yadwala, ndi yako.
Ukatchula mtengo, suubweza.
Nthawi ikakwana, chitseko chatsekeka, ngakhale ubwere ndi abusa.
Wopambana achotse katundu msanga.

Panali lina la antchito ndi abale awo. Limenelo ndinali nditathana nalo kale Lolemba, ndiye pomwe amalinena ndimayang'ana matayala.

Ndafunsa kuti woimba mtengo adzaima pati. Mayi uja akuti kulibe. Ogula adzaima pati? Aliyense kwawo. Nanga mnzako wopikisana naye umuona bwanji nkhope kuti udziwe ngati watopa? Akuti simumuona, mumangoona nambala. Okushoni yopanda nkhope! Ndati chabwino, dziko ndi lanu.

Ndiye kenako.

ANaphiri, apa lembani bwino.

Munthu wina wa mimba yaikulu, wogula zitsulo zakale, wamenya tayala ndi nsapato, n'kunena kuti: "Dalaivala wake anali wankhanza uyu. Waipha galimoto."

Ndikanakhala chete. Ndikudziwa. Koma magazi anakwera.

Ndamuuza kuti galimoto imeneyi yayenda misewu ya Mpingu, Nsaru ndi Chiwamba dzinja ndi chilimwe osagona m'matope. Kuti anzake omwe inabwera nawo limodzi anasanduka mbaula kalekale. Kuti dalaivala wakeyo ndi Lyson, mwana wanga wobereka ine, ndipo mawa ndiigula ndine kuti isagwe m'manja mwa anthu omenya matayala. Anthu aseka, wina waomba m'manja. Wamimba uja wachoka.

Mayi uja wabwera pafupi. "Agogo, mwati ndinu bambo ake a Lyson? Dzina lanu ndani?" Ndamuuza lonse, ndi mudzi womwe. Walemba. Mwana woleredwa bwino.

Ndafika kunyumba mtima uli m'malo. ANaphiri atamva asiya kulemba, andiyang'ana nthawi yaitali, kenako apita kukatsekera mbuzi dzuwa lisanalowe n'komwe.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Tsiku lake. Suti yonse, ndi taye. ANaphiri akuti foni siona taye. Ndati ine ndikuiona.

Ku Nambuma netiweki yabwino ili pachulu kuseri kwa sukulu. Takwera, Feston ndi foni, ine ndi ambulera ngakhale kulibe mvula. Mphunzitsi wamkulu pachulu ngati mbuzi! Mwayi ana ali pa holide.

Poyamba ogula ambiri. Mtengo ukukwera pang'onopang'ono, ena akugwa m'njira. Feston akupalasa, ine ndikulamula. Pamapeto tatsala awiri: ine ndi Wogula Nambala 9.

Ndikaika, waika. Ndikaonjeza, waonjeza. Osapuma n'komwe!

Ndadziwa pompo kuti ndi a Kamphinda. Ndani winanso? Apeza mdzukulu wa foni, akhala pangolo pawo, akufuna mkamwini afe wopanda chake.

Feston akuti: "Ababa, tapyola pomwe tinagwirizana." Ndati dinda.
Akuti: "Ya fodya yatha." Ndati dinda.
Akuti: "Apa ndiye mwalowa ku feteleza wa chaka chino." Ndati kodi mphunzitsi wamkulu ndiwe kapena Nambala 9? Dinda!

Zomwe ndamunenera Nambala 9 pachulu paja sizoyenera mkulu wa mpingo. ANaphiri, musafunse. Ndatchula ng'ombe zake. Ndatchula miyendo yake.

Nthawi yakwana. Foni yalira kamodzi. Feston wavula magalasi. "Mwapambana." Mawu ake ngati akulengeza maliro. Ine ndavina pachulu, ndatsetsereka, thalauzi lang'ambika pabondo. Zilibe kanthu. Ndili ndi galimoto!

Tikutsika, foni yanga yalira. Esnati, mawu ofooka.

"Ababa, pepani. Timafuna tikudzidzimutseni. A Zimba analembetsa, alimbana mpaka thukuta, koma kunali chimunthu china chouma mutu, Nambala 4. Kaya ndi mfiti ya kuti. A Zimba achitukwana mpaka makasitomala athawa mushopu."

Ndakhala pansi pomwepo.

Ndafunsa kuti a Zimba anali nambala yanji, ngakhale ndimadziwa.

Feston wamva zonse. Wangondichotsa chisoso pa jekete, chimodzichimodzi.

Ndiye kuti theka la mtengo ndakweza ndekha, polimbana ndi mwamuna wa mwana wanga, yemwe amagulira ine. Ku okushoni ya fodya izi sizingachitike. Ukanangomuona mkamwini wako, n'kumukodola, basi.

Pobwerera a Kamphinda andipatsa moni pamsewu. Sindinayankhe. Ndinali nditakonzeka kale kusawayankha, ndiye thupi linangopitiriza.

Komabe galimoto ndi yanga. Ndikubwereza kuti aNaphiri alembe kawiri. Alemba kamodzi.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Galimoto si yanga.

M'mawa foni. Mayi wa khonsolo uja, ulemu womwe uja. Akuti ndifike kuofesi.

Ndafika. Pabenchi panja pali Lyson, chipewa m'manja, makiyi alibe. Wadzuka, wandipatsa moni, wandisiyira malo. Sanandiyang'ane kumaso.

M'kati muli mayi uja ndi bwana wamkulu. Afotokoza mosakweza mawu. Wopambana ndi bambo ake a dalaivala wa galimoto yomweyo. Wachiwiri, atafufuza, ndi mlamu wake wa dalaivala yemweyo. Banja limodzi, mbali zonse ziwiri. Akuti munthu wakunja akaona zimenezi ati chiyani? Ati dalaivala anaidziwa galimoto, anatuma abale ake, anathamangitsa ogula ena. Akuti lamulolo analiikira zomwezo, kuti katundu wa anthu onse asamathere m'mabanja a ogwira ntchito.

Choncho malonda afafanizidwa. Chikole changa chapita. Cha a Zimba chapita. Ndipo Lyson afotokoze chifukwa chake asachotsedwe ntchito.

Ndaimirira. Ndati bwana, pali kusamvetsa. Ine ndine mkamwini chabe. Kwathu mwana ndi wa amayi ake ndi amalume ake. A Zimba naonso ndi mkamwini. Pa anthu onse a pamudzi paja, ife awiri ndiye alendo.

Bwana wakanda chibwano. Mayi uja ndiye wayankha.

"Agogo, mwambo timaulemekeza. Koma kuno palibe mbale wa Lyson woposa inu. Tsiku lomwe analowa ntchito tinamufunsa kuti zikadzavuta tidzauze ndani. Sanatchule amalume. Anatchula inu."

ANaphiri, dikirani pang'ono.

Chabwino, lembani.

Moyo wanga wonse ndadikira kuti wina anene mawu amenewo pamaso pa anthu. Anenedwa lero, muofesi ya boma, pondilanda galimoto ndi kuika mwana wanga pamoto.

Ndavula chipewa. Ndawauza zonse monga zinayendera. Kuti Lyson anandiletsa Lolemba ndi mawu omveka. Kuti Feston ndinamuuza theka. Kuti Esnati ndinamuuza theka lina. Kuti mwana wotuma abale ake sangawatume kuti akakwezerane mtengo okhaokha mpaka feteleza kutha. Apa bwana anatsokomola, kaya amabisa kuseka. Aimbira Feston, aimbira Esnati, aliyense payekha. Kenako ati ndipite, aganiza.

Potuluka ndati, "Lyson." Wati, "Muyende bwino, ababa. Minibasi za ku Nsaru zimatha msanga."

Ndadutsa kuseri. Pikapu ili pomwe paja. Dzanja ndalisunga m'thumba.

Loweruka, 9 Ogasiti

Sindikufuna kunena zambiri.

M'mawa ndathirira nazale ya fodya. Feteleza alipo, poti malonda anafafanizidwa. Ndi chokhacho chomwe lamulo landibwezera.

A Zimba atumiza uthenga kudzera kwa Esnati. Akuti apongozi akhululuke pa mawu aja a mfiti. Ndati nawonso akhululuke pa za miyendo, ngakhale sizinali zawo.

Masana kabaza yaima pamsewu. Lyson. Walipira yekha, wayenda wapansi mpaka pabwalo. Kale ana a mudzi wonse amathamangira galimoto. Lero wamulandira ndi galu.

Wapereka moni kwa amayi ake. Wapereka kwa ine. Watenga khasu n'kukakonza mpanda wa nazale womwe mbuzi zinagwetsa. Ndimadikira kuti akalipe. Ndinakonza ndi mayankho omwe. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

Amayi ake ndiwo amufunsa. Ine ndimamvera kuseri kwa nkhokwe.

Ntchito yatsala. Ampatsa chenjezo, chifukwa akuti atangomva maganizo anga Lolemba anayenera kuuza mabwana ake, osangokhulupirira kuti bambo ake amva. Pikapu yatsopano apatsa dalaivala wina. Iye amuika pa thirakitala yotola zinyalala m'misika.

Yakale ija akuti aipereka kwa wachitatu pa mndandanda. Wamimba uja. Aiphwasula, agulitse chimodzichimodzi.

Ndatuluka kuseri kwa nkhokwe. Ndayamba kuti mwana wanga, ine cholinga changa. Mawu athera pomwepo. Ndamuuza za dzanja pa boneti. Sindinauzepo munthu wina kupatula aNaphiri ndi kope lino.

Wamvetsera, khasu lili paphewa. Kenako wati:

"Thirakitala ya zinyalala nayonso ili ndi boneti, ababa. Kaya mudzaikapo dzanja?"

Wadikira pang'ono, waseka kumbali, wabwerera ku mpanda.

Wachoka dzuwa lisanalowe. Amayi ake ampatsa mtedza ndi nkhuku. Ine ndinalibe chompatsa.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Kutchalitchi ndakhala mpando wanga wa akulu a mpingo, bondo la thalauzi losokedwa. Ulaliki sindinaumve bwino. Ndimaganiza kuti pikapu ija aiyambira kuti poiphwasula, kutsogolo kapena kumbuyo.

Potuluka ndapita kwa a Kamphinda kukapepesa za moni wa Lachinayi. Adabwa. Akuti amayesa fumbi linanditseka makutu. Za okushoni akuti amafunsa chifukwa amafuna adzakwere nawo popita ku chipatala, miyendo ikuwavuta. Miyendo yomwe ija! Akuti alendo anga akadzabwera, ngolo ilipo, ikawatenga kumsewu. Ndavomera. Ng'ombe azitchula kawiri. Ndapirira.

Zomwe zatsala sabata ino:
feteleza,
thalauzi la chigamba,
malo osesa bwino pansi pa mango, omwe ndinalambula Lolemba. Nkhuku zikusambapo fumbi.

Amalume ake a Lyson abwera masana. Akuti nkhaniyi aimva, ndipo iwo sailowerera, poti boma lanena kale mwini mwana. Anena moseka, koma anena. Ndi koyamba kundisiyira nkhani ya mwana wanga, ndipo ndi nkhani yoti ndinaiwononga ndekha.

ANaphiri andiwerengera za Lolemba. Afika pa mzere wa Lyson, akufunsa ngati asinthe, poti pikapu kulibenso. Ndati musafufute kanthu. Dalaivala wa khonsolo, sanagundepo ngakhale nkhuku. Onjezerani kuti wogunda ndine.

Alemba. Apa sanatsutse.

Funso la Lyson la dzulo lija ndikuyankha pano. Thirakitala idzafika pa msika wa Nsaru tsiku la msika likudzali. Ndidzapita. Ndidzavala jekete la Mgonero. Ndidzaima pomwe anthu ali ambiri, fungo kaya likhale lotani, ndipo dzanja ndidzaika.

Msonkhano wa banja lonse uli pa 23 Ogasiti, Loweruka, pansi pa mango, poti malo ndi osesa kale. Feston abwere ndi magalasi ake. Esnati abwere ndi a Zimba, tidzaonane nkhope. Lyson asalipire kabaza. Ndikamutenga ndekha kumsewu, pangolo ya a Kamphinda.